Mutu 7: Mkonono wa Kapoli

1. Chikwama Chobiriwira

Pa maphunziro a ntchito yake Jesinta anafunsidwa mafunso ambiri, ndipo anawakhoza. Anamufunsa zochita munthu akakomoka mu kombi, minibasi yonyamula anthu. Anamufunsa zochita akakomoka m'balani ya fodya kapena ku mgodi. Palibe amene anakumbukira kumufunsa zochita ngati wokomokayo, malinga ndi anthu onse amene aima pamenepo, si munthu ayi.

Funso limenelo linamudikira kwawo, pa komboni ya purazi lina, famu ya fodya kufupi ndi Darwendale, Loweruka masana.

Jesinta atamaliza Fomu 4 anakhala chaka akusankha fodya mu shedi. Kenaka Sisita Netsai wa ku kiliniki anamutenga pa gulu la achinyamata oyendera makomboni. Ntchito yawo inali kucheza ndi anthu za bronko, mankhwala a chifuwa amene anyamata amamwa botolo lonse ngati mahewu, ndiponso za mapiritsi oletsa ululu ogulitsidwa mobisa. Anamupatsa chikwama chobiriwira. Munali magolovesi, thonje, pulasitala, majakisoni, kapulasitiki koika pakamwa popumira munthu, ndi timabotolo tiwiri ta naloksoni, mankhwala odzutsa munthu amene bronko ikumuiwalitsa kupuma.

Pa komboni ankamutcha Dokotala wa Mabotolo. Chikwamacho chinali chisanatsegulidwepo pa munthu weniweni.

Loweruka limenelo kunali mpalo wa Passmore, gule wokumbukira womwalira chaka chitatha. Passmore anali wosonkhezera moto m'mabalani. Pa purazi pali lamulo limene silinalembedwe paliponse: wosonkhezera moto akagona masana, sadzutsidwa, chifukwa wachezera pa ng'anjo. Tsiku lina Passmore anagona pamthunzi wa balani akuliza mkonono waukulu. Odutsa ankaseka. "Mulekeni, watopa." Amake anabwera ndi chakudya, anamva mkonono, anaika mbale pambali, n'kuchoka monyang'ama. Pofika madzulo mkonono unali utatha, ndipo m'mbale munali nyerere.

Kuyambira pamenepo mkonono unasiya kuseketsa anthu pa komboni. Akazi ankadzutsa amuna awo popanda chifukwa. Amake Passmore akamva chigayo chikuyamba kulira m'mawa ankaima chilili ndi ndowa pamutu, mpaka wina atawagwira dzanja.

Jesinta akukoleka chikwama paphewa, amayi ake anaima pakhomo.

"Tamvera kuno, iwe. Ife ndife a mpingo. Bambo ako amakhala kutsogolo, pafupi ndi abusa. Agogo ako pochoka ku Dedza, anzawo ananyamula ng'oma, iwo ananyamula buku la nyimbo, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amayenda njira yake. Timabwerekana mchere, timakumbirana manda, koma bwalo lawo sitiliponda. Ukuona kuti wakula, pita. Koma mkazi sakhudza chilombo. Munthu wosalowa gule sakhudza chilombo. Iwe ndiwe zonse ziwiri. Nthenga ikagwa usatole. Chikakuyang'ana, yang'ana pansi. Ndipo ukaona chimene waona, tseka pakamwa. Chimene chili m'nthengamo chilibe dzina, chilibe amake, chimachokera ku manda. Ku Macheke kunali mkazi wina amene ananena pa mjigo kuti miyendo ija waizindikira. Palibe anamumenya. Kungoti tsiku limene mwana wake anamwalira, anasowa onyamula bokosi. Kuno tilibe mudzi wothawirako, Jesinta. Mudzi wathu ndi anthu omwewa."

"Amayi, ndikaima pa mjigo, kutali. A Sisita anati kumene kuli ng'oma ndi mowa ndiko chikwama chizikhala."

"A Sisita akowo za zvigure, za gule ameneyu, amazionera pa foni." Amayi anapatuka pakhomo monyinyirika. "Mukoma wako Collen, mlongo wako wamkulu, akanakhala pano akanakumanga pa mtengo. Koma ali ku Mutorashanga uko, akukumba miyala ya kromu ku mgodi. Mwana wanzeru uja, alibe nthawi ya ng'oma."

2. Ng'oma Zitakhala Chete

Jesinta anasunga lonjezo. Anakhala pa simenti ya mjigo, bwalo akulionera pakati pa mitu ya anthu. Dzuwa linali lowawa. Fumbi lofiira linkakwera ndi kutsika pamodzi ndi nyimbo za akazi.

Pokhala analibe chochita, anabwereza mumtima mawu a Sisita Netsai, amene ankawanena mofanana sabata iliyonse mpaka ophunzira anawaloweza ngati pemphero.

"Ana inu, woledzera mowa ukamugwedeza amakutukwana. Zvakanaka, zili bwino. Wotukwana ali moyo. Amene ndimamuopa ine ndi wosatukwana. Muitaneni, mukhuleni pachifuwa ndi mfundo za zala. Akakhala chete, onani mpweya, onani milomo, onani kadontho kakuda ka m'diso. Mkonono wotalikirana si tulo, ndi munthu amene akumira pamtunda. Musamumwetse mkaka. Sindidziwa amene anauza anthu a m'mapurazi kuti mkaka umachiza chilichonse. Wosameza mukamuthira mkaka mukumumiza kawiri. Musamuthire madzi. Musanene kuti agone zithe. Bayani pantchafu, mupumireni, ndipo akapanda kudzuka pa mphindi ziwiri kapena zitatu bayaninso. Koma kumbukirani ichi: mankhwala athu ndi mlendo, sachedwa kutsanzika. Bronko ndi mwini nyumba, amatsala. Munthu akadzuka musaombe m'manja n'kupita kwanu, chifukwa ola lisanathe angagwenso. Abwere kuno. Chomaliza: dzina la munthu amene mwamuthandiza ndi lake, si lanu. Simulipereka kwa mkazi wake, kwa abusa, kapena kwa foromani. Mukalipereka kamodzi, mawa anthu azidzafera kuseri kwa zitseko zokhoma."

Amayi ake ndi a Sisita anali asanakumanepo, ndipo akanakumana sakanamvana pa chilichonse. Koma pa nkhani yotseka pakamwa ankayankhula ngati ana a mimba imodzi.

Dzuwa litapendeka kunatuluka kapoli, chilombo cha nthenga kumutu, thupi lonse lopakidwa matope otuwa. Akazi analulutira. Koma kapoliyo ankavina mochedwa, ng'oma ili patsogolo iye ali pambuyo. Anapunthwa, anthu anaseka poganiza kuti ndi sewero. Anazungulira pang'ono, kenaka anapita m'mbali mwa bwalo n'kukhala pansi pa mtengo wa bulugamu. Mutu wa nthenga unaweramira pachifuwa. Pang'ono pang'ono thupi linatsetsereka mpaka linagona chagada.

Pa nthawi yomweyo ng'oma zinafooka, ndipo oimba anazitengera pa kamoto ka udzu kuti zikopa zikungike. Bwalo linati zii.

M'chetemo munamveka mkonono.

Unali wautali, wokokera, ngati paipi imene ikumeza madzi otsiriza. Unaleka. Anthu anadikira. Anadikirabe. Unabweranso.

Palibe anaseka. Amake Passmore, amene anakhala pamphasa kutsogolo, anaimirira pang'onopang'ono.

"Bweretsani mkaka!" anafuula mnyamata wina.

"Nyamulani, tipite nacho!" anatero wina. Atsabwalo, amuna oyang'anira gule, anathamangira pa mtengo paja. Mwambo umati chilombo chikagwa chichotsedwe msanga, chipite ku dambwe, kuthengo kumene mkazi ndi wosalowa gule safikako. Ku dambweko kunali kutali ndithu, kuseri kwa manda. Jesinta anayang'ana chifuwa chamatopecho. Chinkatenga nthawi yaitali kwambiri chisanakwere.

Anatsika pa mjigo, n'kudutsa pakati penipeni pa bwalo.

3. Chiguduli Pakati

Amene anamutsekera njira anali a Jasten, mkulu wa dambwe, nkhalamba yowonda imene inayendetsa thirakitala ya purazi kuyambira Jesinta asanabadwe.

"Wasokera, mdzukulu. Tchalitchi chili uko, ndipo ndi mawa."

"Sekuru, chilombocho chikufa."

"Chilombo sichifa. Chinafa kale, n'chifukwa chake chimachokera ku manda."

"Ndiye chikuliziranji mkonono wa Passmore?"

Atsabwalo anali atagwira kale miyendo ndi manja. Amake Passmore anafika pafupi, ndipo ngakhale sanakweze mawu, bwalo lonse linamva.

"A Jasten, ine ndi amene ndinaika mbale ija. Ndinayenda ndi zala za kumapazi kuti mwana wanga ndisamudzutse. Mkonono uwu ndimagona nawo, ndimadzuka nawo, ndimapita nawo ku munda. Mwabwera kudzamuvinira, zikomo. Koma musandiitanire mpalo wina chaka chamawa. Mayi wake wa ameneyo sindimudziwa, poti mukuti alibe. Koma mbale yake isakalowe nyerere."

Mkonono unabwera. Unaleka.

"Sekuru, nkhope sindikuifuna," anatero Jesinta mofulumira. "Nkhope ikhale yanu. Ine ndipatseni ntchafu basi."

"Mkazi sakhudza chilombo."

"Sindikhudza ine. Akhudza magolovesi."

Nkhalambayo inamuyang'ana, n'kupukusa mutu. "Ana a sukulu inu mungapusitse ndi mizimu yomwe. Mlanduwu tidzaukamba bwino mawa." Kenaka inatembenuka n'kufuula ndi mawu amene ankamveka pamwamba pa injini. "Tulani pansi! Chiguduli! Akazi nonse cheukirani ku mjigo!"

Anabweretsa chiguduli chachikulu chokulungira mabelo a fodya. Amuna awiri anachigwira chilili, chitadutsa pa chiuno cha wogonayo ngati khoma. Mbali ina kunali mutu ndi a Jasten. Mbali ina kunali miyendo ndi Jesinta.

"Mukhuleni pachifuwa ndi mfundo za zala, mwamphamvu."

"Chili chete."

"Mkakawo uchoke. Tsegulani diso. Kadontho kakuda n'kotani?"

Kuseri kwa chiguduli kunamveka zingwe zikumasulidwa ndi nthenga zikukhudza pansi.

"Ngati kambewu ka fodya."

"Milomo?"

"Phulusa lenileni."

Jesinta anathyola kabotolo, anakoka mankhwala. Anatenga thonje n'kupukuta matope pantchafu. Matope atachoka panaoneka chipsera chachitali, chosalala, ndi kena kakang'ono pambali pake.

Chipseracho anali atachiona chili bala. Tsiku limenelo iye anali mwana wamng'ono, akusewera chibisalirano m'balani, ndipo mnyamata wamkulu wosewera naye anakabisala kuseri kwa paipi yamoto n'kupsa nayo.

Dzina linakwera mpaka pa lilime. Analimeza.

Anabaya, anakankha mankhwala onse, anamata pulasitala monga anamuphunzitsira. Kenaka anadutsitsa kapulasitiki pansi pa chiguduli.

"Sekuru, ikani pakamwa pake. Kwezani chibwano, mutu upite kumbuyo. Tsinani mphuno. Mupumireni mpaka chifuwa chikwere. Lekani chitsike. Bwerezani."

"Moyo wanga wonse ndapsompsona mkazi mmodzi yekha," inadandaula nkhalamba. "Lero paukalamba." Koma mpweya wake unamveka ukulowa.

Amuna ogwira chiguduli ankayang'ana kumwamba. Akazi anali atapereka misana, koma palibe amene anachoka. Miyendo yamatope inali tasa pa fumbi, yozizira ngati ya munthu wosambitsidwa kale. Jesinta anayang'ana wotchi ya pafoni. Nthawi imene a Sisita ananena inakwana. Palibe chinasintha.

Anathyola kabotolo kachiwiri, komwe kanalinso komaliza. Anapukuta ntchafu inayo, anabaya, anamata pulasitala.

"Musaleke, sekuru."

"Ndikukomoka ndine tsopano."

"Mukakomoka ndilibe mankhwala anu. Pumani."

Chala chachikulu cha kuphazi chinagwedezeka. Kenaka kunamveka chifuwa, kutsokomola, ndi mpweya waukulu ngati wa munthu wotuluka m'chitsime. Miyendo inapalasa. Mawu a mwamuna, osati mawu opyapyala a kapoli, anayamba kutuluka.

"Ng'oma!" anakuwa a Jasten. "Imbani ng'oma, zitsiru inu!"

Ng'oma zinagunda zonse pamodzi n'kumeza mawuwo, kotero kuti akazi sanamve kanthu. Jesinta yekha ndiye anali pafupi. Anamva mutu, mapeto ndi pakati pa chitukwano chachitali cha Chishona, ndipo chiyambire anali asanamvepo mawu okoma chotero.

Chiguduli chitagwa, kapoli anali chilili, nthenga zili m'malo mwake. Anadzandira, kenaka anathamangira kuthengo, atsabwalo ali pambuyo. Bwalo linaphulika ndi nthungululu ndi kuseka, chifukwa chilombo chochokera ku manda chinkathawa ndi mapulasitala awiri oyera mbee, imodzi pa ntchafu iliyonse.

4. Mlendo Sachedwa Kutsanzika

Anthu anayamba kumugwira Jesinta m'manja. Iye anawadutsa n'kukagwira malaya a a Jasten.

"Sekuru, sizinathe. Mankhwala aja amatha msanga, bronko imatsala. Akagwanso kuthengoko ndilibe china. Apite ku kiliniki tsopano lino."

"Chilombo ku kiliniki? Pa khadi adzalemba dzina lanji?"

"Ndiye ndikamutenga ndekha."

Anayamba kulunjika njira ya ku manda. Nkhalambayo inamugwira pamkono, ndipo nthabwala zinali zitachoka pa nkhope yake.

"Ima pomwepo. Lero ndapinda lamulo mpaka lalira, koma sindinalithyole. Ukaponda uko ulithyola ndiwe, ndipo sindidzatha kukuteteza. Ukuganiza kuti timabisa chiyani kumeneko? Nthenga za nkhuku ndi ziguduli? Makolo athu anabwera kuno alibe munda, alibe mfumu, alibe ngakhale chitupa. Mzungu ankawaitana ndi dzina limene wafuna. Mwini dziko ankawafunsa kuti mudzabwerera liti kwanu. Chinthu chimodzi chokha chinali chawo, chimene munthu wina sakanalowamo popanda kugogoda. Ndicho chimenecho. Ndikudziwa kuti mabotolo alowamo osagogoda. Ndawaona m'maudzu, ndakhala chete, ndipo lero ndalawa kukoma kwake pa milomo ya mwana wa eni. Zimenezo ndikonza ine. Koma iwe chikwama chako chikufunika pa makomo onse a komboni ino, a mpingo, a gule, ndi a ku mzikiti. Ukalowa uko, theka la makomowo litsekeka."

"Ndiye afe chifukwa cha makomo?"

A Jasten anayang'ana kumwamba ngati akuona nyengo.

"Chilombo chabwerera kwawo, nkhani yake yatha. Koma msewu wa ku mabalani umadutsa anthu ambiri. Ena amachokera kutali, amafika atatopa, atadwala. Ndikanakhala ine Dokotala wa Mabotolo, ndikanakadikira pa kamlatho. Inenso ndakumbukira kuti thirakitala ikufunika kuyesedwa mabuleki."

Jesinta anayang'ana njira ya ku manda. Ndiyo inali yachidule. Anayang'ana njira ya ku kamlatho. Anatenga ya ku kamlatho, akuthamanga.

Ali kumeneko anaimbira Sisita Netsai. Ambulansi inali itapita ku tauni ndi mayi wobereka. "Bwera naye pa chilichonse chokhala ndi mawilo," anatero a Sisita. "Ndipo asagone."

Kamlathoko kanali pafupi ndi balani ya Passmore. Chitseko chake chinkalira ndi mphepo. Pampu ya kudamu inkakoka madzi, kuleka, kukokanso. Jesinta anatseka makutu, koma anawatsegulanso msanga poopa kuti china chingamudutse.

Kenaka udzu unagwedezeka. Amuna awiri anatulutsa munthu wosambitsidwa, wovala ovolosi ya buluu, anamukhazika m'mbali mwa msewu, n'kubwerera osayang'ana kumbuyo.

"Sisi," anatero Collen. Maso ake anali olemera.

"Mukoma. Mwabwera liti kuchokera ku Mutorashanga?"

"Pompano."

"Ulendo wakutopetsani."

Thirakitala inafika ikukoka ngolo. A Jasten anachita kudabwa kwambiri kuona munthu wodwala pamsewu, ndipo anathandiza kumukweza.

M'ngolomo Jesinta anamugoneka cham'mbali n'kukhala pafupi ndi mutu wake.

"Mwamwa zingati?"

"Mabotolo awiri. Ndi timapiritsi."

"Ndi mowa pamwamba?"

"Pang'ono." Anatseka maso. Jesinta anamutsina khutu. "Maiwe! Ukufuna kundipha?"

"Pa ntchito imeneyo simukusowa wothandiza."

"Iwe sudziwa. M'dzenje muja umalowa chokwawa, thumba la miyala pamsana. Ukatuluka msana suwongoka. Makorokoza, okumba anzanga, onse amamwa. Poyamba kabotolo kamodzi kankandikwanira sabata."

"Zimenezo mukawauze a Sisita. Ali ndi njira zake, ndipo sakalipa kwambiri. Amakalipa pang'ono."

Ngolo inagunda mwala. Collen anafunsa osamuyang'ana.

"Unadziwa?"

"Kudziwa chiyani? Ine ndabaya chilombo. Inu ndakupezani pamsewu."

"Usawauze mdala, Jesinta. Za mabotolo ndidzanena ndekha. Koma zinazo zingawaphe. Angawatsitse pa mpando wa kutsogolo."

Jesinta ananyowetsa thonje n'kupukuta kumbuyo kwa khutu lake, kumene osambitsa anasiya kamzere ka matope otuwa.

Atatsala pang'ono kufika, zikope za Collen zinayamba kugwa, ndipo kutsina sikunathandizenso kwenikweni. Mpweya unayamba kutalikirana. Pansi pa phokoso la injini, Jesinta anamva kamkonono kakang'ono kakuyamba.

"Sekuru, pondani!"

"Ndaponda mpaka pansi, mdzukulu!"

"Mukoma! Nditukwaneni! Collen, iwe, nditukwane!"

Milomo inagwedezeka. Chimene chinatuluka chinali chofooka, koma chinali chitukwano. Geti la kiliniki linaoneka.

5. Mapulasitala Awiri

Sisita Netsai anali akudikira pakhonde ndi machira. Sanafunse mafunso ambiri. Anamuvula ovolosi, anamupatsa mpweya wa m'botolo, anabaya mankhwala ena pamkono. Patapita kanthawi Collen ankapuma mwakachetechete ngati mwana, atafunda nsalu mpaka m'chiuno.

"Agona konkuno timuyang'anire," anatero a Sisita akusamba m'manja. "Ukanamusiya kuti akapume kunyumba, mawa bwenzi tikukamba zina. Timabotolo tako tili kuti?"

"Tatha tonse."

"Pa munthu ameneyu?"

"Pa wodwala wina, ku bwalo. Dzina lake sindingalinene."

A Sisita anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anayang'ananso ku bedi. "Zvakanaka," anatero. "Ntchito wayamba kuidziwa. Lolemba ubwere udzatenge tina, ndipo ukawauze akuluakulu a ku bwaloko kuti ndikufuna awiri a iwo adzaphunzire kubaya okha."

Dzuwa likulowa panafika njinga. Anali bambo ake a Jesinta, atavala jekete lawo la ku tchalitchi, fumbi lili mpaka m'mawondo. Nkhani ziwiri zinali zitawapeza pa msonkhano wa akulu a mpingo. Yoyamba inali yoti mwana wawo wamkazi wadutsa pakati pa bwalo la gule, ndipo chilombo chathawa ndi mapulasitala. Yachiwiri inali yoti mwana wawo wamwamuna wapezeka pamsewu akudwala.

Analowa. Anaima pa bedi, anavula chipewa, anapemphera pang'ono. Collen anali m'tulo tabwino, topanda mkonono, ndipo anali atapalasa nsalu ndi mapazi. Bambo anawerama kuti amufunditse.

Dzanja lawo linaima m'malere.

Osambitsa aja anachotsa matope. Jesinta anachotsa amene anatsala kukhutu. Koma pulasitala ya ku kiliniki imamatirira bwino, ndipo palibe amene anaikumbukira.

Bambo anamaliza kufunditsa. Anakonza nsalu m'mbali mwa mapazi mosamala, monga ankachitira ana awo ali aang'ono. Kenaka anatuluka pakhonde pamene Jesinta anakhala ndi chikwama chake chopepuka.

"Imirira, mwana wanga."

Anaimirira.

"Wapulumutsa mlongo wako, a Sisita andiuza. Mulungu akudalitse. Za ku bwalo tidzakamba kunyumba." Anapukuta chipewa ndi chigongono, ngakhale chinalibe fumbi. "Chiyambire sunandinamizepo, ndiye ndikufunsa kamodzi. Majakisoni unabaya chilombo. Nanga mapulasitala ake afika bwanji pa ntchafu za mwana wanga?"

Pa geti, a Jasten anali atatembenuza kale thirakitala kuti azipita. Koma ataona mmene bambo anaimira ndi mwana wawo pakhonde, anaizimitsa.